Galimoto ya mabaluni a mpweya yalowa madzi: mukonze, mugule zina, muike masipuling'i kapena muileke?

Namondwe wa Freddy atadutsa mu Marichi 2023, Land Rover Discovery 3 ya alamu anga, galimoto yokhala pa mabaluni a mpweya m'malo mwa masipuling'i achitsulo, inacha itagwada pabwalo, matayala atabisala m'madigadi. Amakhala kumunsi, chakufupi ndi mtsinje wa Mudi mu Blantyre, ndipo madzi anagona pabwalopo usiku wonse. Makaniko woyamba kufika sanawerame n'komwe. Anangoizungulira kamodzi, manja ali m'thumba, n'kunena kuti, "Bwana, za mpweyazi zatha basi. Tichotse zonse, tiike masipuling'i, muiwaleko." Alamu anatsala pang'ono kuvomera. Chimene chinawaletsa ndi mtengo umene anatchula.

Patatha sabata, wa zamagetsi wina atafukula kapeti n'kumasula kompuresa yopopera mpweya m'mabaluni, kunapezeka kuti mabaluni onse anayi ali bwinobwino. Chimene chinaonongeka ndi kabotolo koumitsira mpweya, komanso mawaya ochepa amene anachita dzimbiri lobiriwira mungalande ya pansi pa chitseko.

Anthu ambiri amaopa mbali yolakwika. Mabaluni, mapaipi ndi kompuresa pagalimoto zambiri zinapangidwa kuti zizikhala kunsi kwa galimoto, kumene kumafika madzi ndi matope tsiku lililonse, ndipo zikaonongeka zimakonzeka. Kumene ndalama zimathera ndi kumagetsi: timabokosi ta kompyuta tobisika pansi pa mipando, mapulagi, ndi mitolo ya mawaya yodutsa pansi pa kapeti. Njira zisanu ndi imodzi zili m'munsimu ndaziyeza ndi maganizo amenewo.

## Zoti muyeze musanasankhe

Choyamba ndi mzere wa matope. Madzi osefukira amasiya chizindikiro pamene analekezera, ndipo musanatsuke chilichonse muujambule mzerewo ndi foni, kunja ndi m'kati momwe. Ngati analekezera m'munsi mwa zitseko, vuto lili kunsi kokha. Ngati ananyowetsa kapeti, mawaya alowa nawo m'nkhani. Akafika pokhalira pa mpando, ndiye kuti amiza bokosi loyendetsa ma airbag (matumba otupa pangozi kuti ateteze okwera), limene pagalimoto zambiri limakhala pansi pakati pa mipando yakutsogolo. Akakhudza dashibodi, nkhani yasintha mtundu.

Chachiwiri ndi batire. Madzi paokha saononga bolodi la kompyuta msanga. Chimene chimalidya ndi magetsi oyenda m'madzi akudawo. Galimoto zamakonozi sizigona tulo tenitweni ngakhale mwachotsa kiyi, ndiye ola lililonse limene batire lili chilumikizire, tizitsulo ta m'mapulagi tikudyeka. Galimoto ziwiri zomira mofanana zikhoza kusiyana kutali pa mtengo wokonzera chifukwa choti mwini wa ina anamasula waya wa negetivu m'mawa womwewo, pamene mnzake anatha tsiku lonse akupotokola kiyi kuti aone ngati ilira. Musailize. Injini ikamwa madzi n'kuipukusa, zitsulo za mapisitoni zimapindika, ndipo pamenepo za mabaluni zimasanduka nkhani yaing'ono.

Chachitatu ndi mtundu wa madzi ndi nthawi imene anakhalitsa. Kuwoloka pamadzi mphindi imodzi n'kosiyana ndi kugonamo. Matope amasunga chinyezi kwa masabata, ndipo madzi amchere, ngati a ku Beira kapena ku Durban, ndiwo oipitsitsa.

Chachinayi, dziwani kumene galimoto yanu inabisa zinthu zake. Pa Discovery 3, Discovery 4 ndi Range Rover Sport yoyamba, kompuresa ili kunsi pachasisi, kumanzere, kutsogolo kwa tayala lakumbuyo. Pa Range Rover L322 ya zaka za 2002 mpaka 2012 ili m'buti, m'dzenje la tayala la sipeya, ndipo dzenjelo likadzaza limasanduka beseni losataya madzi. Pa Mercedes za Airmatic (dzina lao la mabaluni a mpweya) monga W211 ndi W220 ili kuseri kwa bampala yakutsogolo. Volkswagen Touareg yoyamba ndi Mercedes ML W164 zinaika batire pansi pa mpando wakutsogolo. Prado 120 ndi 150 zili ndi mabaluni kumbuyo kokha, ndipo ndi zapamwamba zokha zimene zili nawo. A Lexus LX 470 ndi LX 570 musadzivute ndi za mpweya: zanu zimakwera ndi mafuta a haidiroliki, ngakhale za magetsi zikukukhudzani chimodzimodzi.

Kupatula zimenezi, njira iliyonse ndaiona pa zinthu zinayi: mtengo, kupezeka kwa zinthu ndi amisiri, chisamaliro chimene idzafune pambuyo pake, ndi chiopsezo chake. Mitengo ya makwacha sindilemba. Amene anapatsidwa mtengo wa masipeya mu Epulo 2023 n'kumadikira ndalama, pofika Novembala chaka chomwecho kwacha inali itagwa ndi 44 peresenti, pepala lija litasanduka lokulungira mandasi.

## Njira yoyamba: kuumitsa, kutsuka ndi kukonza zomwe zilipo

Iyi si njira yongosankha mwa zina. Ndi khomo lolowera ku zonse, chifukwa simungadziwe chogula musanaone chimene chafa.

Ntchito imayamba ndi kuchotsa mipando ndi kapeti, batire litamasulidwa kale ndipo patapita mphindi zingapo, chifukwa mapulagi achikasu a pansi pa mipando ndi a ma airbag. Kapeti ya galimoto zoterezi ili ndi siponji yokhuthala kunsi kwake. Pamwamba mukhoza kugwira n'kumva kuti yauma, koma mukaifinya pansi madzi amachucha ngati thonje lonyowa. Kutsegula mawindo n'kuiimika padzuwa sikuthandiza.

Kenako mabokosi. Lililonse limene linali pansi pa mzere wa matope litsegulidwe. Matope atsukidwe ndi madzi a batire, aja opanda asidi, kenako bolodi lipukutidwe ndi isopropyl (sipiriti wotsukira zamagetsi) ndi mswachi wofewa, liume masiku awiri kapena atatu pamalo opita mphepo. Osaliyanika pambaula, osalipopera mafuta omasulira mabawuti. Mawaya nawo amamwa madzi ngati chingwe cha nyali ya parafini: mukasenda n'kupeza kopa wakuda, dulani mpaka pamene akuwala, mulumikize bwino n'kutseka ndi kachubu kofota ndi moto. Kupota ndi zala n'kukulunga tepi ndiko kumabweretsa galimoto yomweyo kugalaja mvula yotsatira.

Pali muyeso umodzi wosavuta umene wa zamagetsi weniweni amaudziwa. Makompyuta a m'galimoto amalankhulana pa mawaya awiri opotana otchedwa CAN. Batire litamasulidwa, mita ikaikidwa pa mapini 6 ndi 14 a soketi ya OBD (yolumikizira makina owerengera galimoto) iyenera kuwerenga pafupifupi 60 ohms. Ikawerenga 120, penapake paduka kapena bokosi lina lachoka pamzere. Ikayandikira 0, mawaya agundana. Pa Mercedes ndi Volkswagen soketiyo imadutsira pa bokosi lina lapakati, ndiye muyesowo amautengera m'kati, koma mfundo yake ndi yomweyo. Ndikutchula zimenezi chifukwa Discovery imadzitsitsa yokha ikamva kuti mabuleki, giyabokosi kapena batire sizili bwino. Ngakhale kaswichi ka magetsi a mabuleki kakafa, dashibodi imayaka ngati msika wa usiku, galimoto n'kugwada. Kugwada si umboni woti mabaluni aphulika.

Ku mbali ya mpweya, cholinga chachikulu ndi kabotolo koumitsira kali pa kompuresa. M'kati mwake muli timikanda ta silica gel toyamwa chinyezi. Ka alamu anga titakatsegula, m'malo mwa timikanda munali phala loyera, lomata ngati la ufa woyera. Phala limenelo likauma limasanduka fumbi, limayenda m'mapaipi a 6 mm aja n'kukakhala pa timphira ta m'mavalavu, mpweya n'kumapulumuka. Timikanda tikakhala tisanaphwanyike amatiotcha mu uvuni pa madigiri pafupifupi 120 n'kutibwezeramo. Tikasanduka phala n'kutaya. Mavalavu amamasulidwa, kutsukidwa ndi kuikidwa timphira tatsopano, thanki n'kukhuthulidwa madzi.

Mukabwezera zonse, ikwezeni, muyeze kuchokera pakati pa tayala kufika pamlomo wa digadi pangodya zonse zinayi, muzule fyuzi ya suspension (ya zokweza ndi kutsitsa galimoto), muisiye igone. M'mawa ngodya imodzi yokha ikatsika, kayikirani baluni lake. Mbali yonse yakutsogolo kapena yakumbuyo ikatsika pamodzi, yang'anani valavu. Madzi a sopo amaonetsa thovu pamene pakutuluka.

Mtengo. Wotsika kuposa njira zonse pa zinthu zogula. Paketi yokonzera kompuresa ku Britain ndi ya mapaundi makumi ochepa, pamene kompuresa yatsopano yabwino ndi ya mapaundi mazana angapo. Zambiri mulipira ndi ntchito ya manja, ndipo ndi ya masiku, osati ya maola.

Kupezeka. Isopropyl imapezeka kwa okonza mafoni ndi makompyuta. Mapaketi a timphira ndi opepuka, munthu wochokera ku Joni amabwera nawo m'chikwama. Chosowa ndi mmisiri wodekha amene alinso ndi makina owerengera galimoto yanuyo: IIDTool pa Land Rover, Xentry pa Mercedes, VCDS pa Volkswagen ndi Audi, Techstream pa Toyota. Kamakina kotchipa kowerenga injini yokha sikaona za suspension.

Chisamaliro. Kwa miyezi isanu ndi umodzi muzitchera khutu. Kompuresa ikamalira pafupipafupi kapena nthawi yaitali kuposa kale, penapake pakutuluka. Batire likamatha usiku, bokosi lina silikugona.

Chiopsezo. Dzimbiri limabwerera. Bolodi lotsukidwa likhoza kugwira chaka n'kudzafa tsiku limene muli pakati pa Ntcheu ndi Dedza. Ndipo pali bokosi limodzi losayenera kutsuka n'kubwezera: la ma airbag. Likamira lisinthidwe, pamodzi ndi zomangitsa malamba ngati nazo zinanyowa. China, munthu asalowe kunsi kwa galimoto ya mpweya popanda zochirikiza zachitsulo. Thanki ya Discovery imasunga mpweya woposa 15 bar, pamene tayala limangofuna 2 ndi pang'ono, ndipo galimoto ikhoza kudzitsitsa yokha munthu ali pansi.

## Njira yachiwiri: masipeya ochotsa pa galimoto zophwasula

Mtengo. Nthawi zambiri ndi theka la chatsopano kapena kucheperapo, ndipo pa mabokosi a kompyuta kusiyanako kumakula zedi. Koma muwerengere zonyamulira, msonkho wa MRA pachipata, ndi ndalama ya coding (kulembetsa bokosi lachilendo m'kompyuta ya galimoto).

Kupezeka. Ku Ndirande kapena ku Biwi mupeza chilichonse cha Corolla, Vitz ndi Hilux. Za Range Rover kapena Touareg n'zamwayi. Zambiri zimachokera kwa ophwasula a ku Johannesburg, a ku Britain kudzera pa eBay, kapena ku Sharjah. Ubwino wa ku Britain ndi ku South Africa ndi woti galimoto zake chiwongolero chili kumanja ngati zathu, ndiye mitolo ya mawaya imakwana. Musagule pongotchula dzina la galimoto ndi chaka. Jambulani nambala ya pa bokosi lakale, mumutumizire wogulitsa, naye akutumizireni chithunzi cha lake.

Chisamaliro. Monga cha chinthu chakale chilichonse: zaka zake mwazigula nazo pamodzi.

Chiopsezo. Apa m'pofunika kusiyanitsa. Bokosi la kompyuta louma silikalamba msanga, ndiye kugula lakale n'kwanzeru. Mphira umakalamba. Mabaluni amayamba kung'aluka popindika akamayandikira zaka khumi, ndipo Discovery 3 yomaliza inapangidwa mu 2009. Baluni lochotsa pa galimoto yotero, ngati silinasinthidwepo, lapitirira kale zaka 15. Kuligula n'kulipira kawiri ntchito yomweyo. Kompuresa yakale nayo muitenge ngati yofunika kukonza isanamangidwe.

Chiopsezo china n'choseketsa koma n'choona: mukhoza kugula chomira kuti chilowe m'malo mwa chomira. Durban inasefukira mu Epulo 2022, mpaka fakitale ya Toyota ku Prospecton inatseka kwa miyezi. Dubai ndi Sharjah zinamira mu Epulo 2024. Ku Britain, galimoto yoikidwa mu Category B saloledwa kubwerera pamsewu, koma masipeya ake amaloledwa kugulitsa. Galimoto zomira zonsezo zinathera penapake. Bokosi likafika, musanalimange litseguleni: fumbi la dothi m'ngodya, zoyera ngati mchere pa bolodi, kapena fungo la nkhungu, libwezeni. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pomaliza, mabokosi ena anakwatirana ndi galimoto yake. La injini ndi la kiyi amadziwana, ndipo lachilendo silingalize injini mpaka litauzidwa. Njira zake ndi ziwiri: kugula gulu lonse, bokosi la injini, la kiyi ndi kiyi yemwe, kuchokera pa galimoto imodzi, kapena kukopera zolembedwa m'bokosi lakale n'kuziika m'latsopanolo. Chifukwa chake bokosi lakufa musataye. Kachipu kosunga zinthuzo kawirikawiri kamapulumuka ngakhale bolodi lonse litadyeka.

## Njira yachitatu: zatsopano zosadzera kwa dila

Pansi pa dzina limodzili pali magulu atatu osiyana kwambiri. Pali makampani amene amapangira fakitale yeniyeniyo, monga AMK, Hitachi ndi Wabco pa makompuresa, kapena Bilstein pa miyendo ya Mercedes. Chinthu n'chomwecho, katoni yokha ndiyo yasiyana. Pali makampani odziwika opanga zolowa m'malo, monga Arnott ya ku America ndi Dunlop ya ku Coventry. Ndiye pali zopanda dzina, zowala bwino pachithunzi.

Mtengo. Gulu loyamba ndi lachiwiri lili pakati: kuposa zophwasula, kuchepera kwa dila. Lachitatu limatsika mpaka kukayikitsa.

Kupezeka. Kuitanitsa basi, ndipo vuto si katundu koma ndalama zakunja zolipirira. Amene ali ndi wachibale ku Joni kapena ku Britain zimawayendera msanga. Zindikiraninso kuti njira iyi imathandiza mbali ya mpweya yokha: makompuresa, mabaluni, mavalavu ndi masensa oyeza msinkhu. Mabokosi a kompyuta sapangidwa ndi makampani apambali.

Chisamaliro. Chochepa, ngati ntchito yagwiridwa yonse. Kompuresa yatsopano ipite ndi rilei (swichi yoiyatsa ndi kuizimitsa) yatsopano, chifukwa rilei yomatirira ndiyo imaisiya ikulira mpaka kupsa. Mabaluni asinthidwe awiriawiri. Sensa ikasinthidwa, msinkhu uyezedwenso pa makina. Pa Discovery, kuchoka pa Hitachi kupita pa AMK kumafuna kusintha mapaipi ena ndi pulogalamu ya m'kompyuta.

Chiopsezo. Chachikulu si katundu koma ndondomeko. Kompuresa yatsopano yomangidwa pa mapaipi amene mukadali madzi, kapena pa baluni lotuluka, imafa imfa ya yakale ija. Chitsimikizo cha wogulitsa nacho chili kutsidya kwa nyanja. Kubweza kompuresa ku Britain kumadya ndalama zoyandikira mtengo wake. Za gulu lachitatu, maganizo anga ndi oti pa sensa mukhoza kuyesa mwayi, koma pa baluni lonyamula galimoto ya matani awiri ndi theka, ayi.

## Njira yachinayi: kwa dila

Mtengo. Wokwera kuposa zonse. Dila satsuka bolodi, amasintha, ndipo mtolo wa mawaya saulumikiza, amaitanitsa wonse. Pa galimoto ya zaka 15 mtengowo ukhoza kuposa wa galimoto yomweyo.

Kupezeka. M'mizinda ikuluikulu mokha, ndipo si mtundu uliwonse uli ndi dila kuno. Zina za galimoto zakale anasiya kupanga.

Chisamaliro. Chochepetsetsa, ndipo muli ndi pokadandaula.

Chiopsezo. Kudikira, ndi kuthira ndalama zambiri m'galimoto imene mtengo wake wagwa kale chifukwa cha mbiri ya madzi. Komabe pa galimoto zatsopanoko palibe kuchitira mwina. Mercedes zambiri zopangidwa kuyambira cha m'ma 2015 zimafuna kuti bokosi la kiyi ndi la injini zivomerezedwe pa intaneti ndi fakitale.

## Njira yachisanu: kuchotsa mpweya, kuika masipuling'i achitsulo

Iyi ndiyo imatchulidwa msanga m'magalaja athu, ndipo si yopusa. Discovery 3 yotsika mtengo inkatuluka m'fakitale ili pa masipuling'i. Prado zambiri zili pa masipuling'i mbali zonse. Vuto ndi loti anthu amaisankha pa chifukwa cholakwika.

Mtengo. Pa Discovery kapena Range Rover, miyendo inayi yabwino ndi kabokosi kozimitsa machenjezo zimaposa kutali mtengo wokonza kompuresa ndi mavalavu, koma zimachepera kusintha mabaluni onse anayi ndi kompuresa pamodzi. Ndi zolemera, ndiye zonyamulira zimaluma. Pa Prado ndi zotchipa, chifukwa ndi masipuling'i awiri akumbuyo okha.

Kupezeka. Za Prado zili paliponse, zatsopano ndi zakale zomwe, kuphatikizapo zolimba monga Old Man Emu. Za galimoto za ku Ulaya n'zoitanitsa. Kumanga kwake makaniko aliyense wodziwa ntchito angathe. Chovuta ndi kuinyengerera kompyuta kuti isiye kulira belu.

Chisamaliro. Apa ndiye yapambana. Mukamanga mwamanga. Kwa munthu wokhala ku Chitipa kapena ku Nsanje, kutali ndi makina owerengera, zimenezi n'zazikulu. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Chiopsezo. Mumataya zimene munagulira galimotoyo. Discovery ya mpweya imakwera ndi 55 mm pamsewu woipa ndipo imawoloka madzi ofika 700 mm, pamene ya masipuling'i imalekezera pa 600 mm. Ndiye kuti mukuchotsa chinthu chokuthandizani pamadzi chifukwa choopa madzi. Mumatayanso kudziwongola ikalemedwa: mukapakira matumba a chimanga kapena kukoka ngolo, kumbuyo kumakhala pansi, magetsi n'kumaunika m'maso mwa anzanu. Ngati ili ndi magetsi a xenon, masensa a msinkhu asachotsedwe, chifukwa magetsiwo amadalira omwewo. Pa Mercedes, mwendo wa Airmatic uli pamodzi ndi shoko yosintha kulimba yokha, ndiye kufewa kuja kumapita nawo. A inshuwalansi auzidwe kuti galimoto yasinthidwa.

Koma chachikulu ndi ichi: masipuling'i sachiza magetsi. Alamu anga akanavomera tsiku lija, galimoto ikanaimirira, inde, koma mawaya obiriwira aja akanatsala pansi pa kapeti yonyowa, ndipo maloko a zitseko, amene anali atayamba kale kuchita zawozawo, akanapitiriza.

## Njira yachisanu ndi chimodzi: kuisiyira inshuwalansi kapena kuigulitsa momwe ilili

Mtengo. Simulipira kukonza, koma mumataya kusiyana kwa ndalama imene mulandire ndi mtengo wa galimoto ina. Ambiri amazindikira mochedwa kuti mtengo umene analembetsa ku inshuwalansi ndi wa kwacha isanagwe.

Kupezeka. Inshuwalansi ya third party, imene lamulo limakakamiza, silipira galimoto yanu. Ya comprehensive ndiyo ingalipire, ndipo muwerenge pepala lanu pa mawu okhudza madzi osefukira. Auzeni msanga. Batire masulani, koma zina musaphwasule woyesa wao asanaione.

Chisamaliro. Palibe.

Chiopsezo. Kudikira woyesa kumapatsa dzimbiri nthawi, ndiye akadzati ikonzedwe, imakhala itaipiraipira. Mukagulitsa nokha, nenani zoona kuti inamira. Bokosi la ma airbag lomwa madzi likhoza kupha munthu wosadziwa kanthu. Galimoto yosowa masipeya ngati Touareg nthawi zina imabweza zambiri poigulitsa chiwalochiwalo, bola zimene zinali pamwamba pa madzi.

## Ndiye inuyo mutenge iti?

Madzi analekezera m'munsi mwa zitseko, kapeti youma: njira yoyamba yokha. Tsukani kunsi, tsegulani kabotolo koumitsira, pukutani mapulagi a masensa, ndipo onani oyilo wa m'madifu ndi m'giyabokosi ngati sanasanduke ngati tiyi wamkaka. Wina akatchula masipuling'i pamenepa, funsani kwina.

Kapeti inanyowa koma batire munamasula tsiku lomwelo: njira yoyamba, n'kuwonjezera bokosi limodzi kapena awiri ophwasula pa amene akana kudzuka. Ngati mota ya kompuresa yagwira dzimbiri, gulani yatsopano ya makampani opangira fakitale aja, osati yakale.

Kapeti inanyowa, galimoto inakhala sabata batire lili chilumikizire, kapena munayesa kuiliza kangapo: lipirani wa zamagetsi tsiku limodzi kuti atsegule mabokosi onse n'kulemba mndandanda wa zakufa, musanagule ngakhale fyuzi. Mndandandawo ukafika theka la mtengo wa galimoto, ganizirani zoileka, chifukwa zina zidzatulukira pambuyo.

Madzi anafika pokhalira pa mipando: ngati muli ndi comprehensive, kankhirani kuti ailembe kuti yatha. Ngati mulibe ndipo mukuifunabe, bokosi la ma airbag ndi malamba zikhale zoyamba pa bajeti, ndipo zimenezi zikhale zatsopano. Anafika pa dashibodi, kapena anali amchere: igulitseni masipeya.

Galimoto ndi ya zaka zosakwana khumi ndipo mtengo wake ukadali wokwera: dila pa mabokosi okwatirana ndi kiyi, makampani opangira fakitale pa za mpweya.

Magetsi apulumuka, koma muyeso wa usiku waonetsa kuti mabaluni anali atatopa kale madzi asanabwere, ndipo mumakhala kutali ndi Blantyre, Lilongwe kapena Mzuzu: masipuling'i. Pa Prado musachite kuganiza kawiri. Pa Discovery imene mumakokera ngolo kapena kuwolokera mitsinje ya ku Chikwawa nthawi ya dzinja, sungani mpweya, musinthe mabaluni awiriawiri mmene thumba likulolera, kuyambira mbali imene ikutsika.

Ngati yomira ndi haibridi, ngakhale yopanda mabaluni ngati Aqua, imene batire lake lalikulu lili pansi pa mpando wakumbuyo, zonse ndalemba zokhudza kutsegula nokha ziiwaleni. Mawaya a mtundu wa lalanje musawakhudze, ndipo inyamulidwe pa lole kupita kwa wodziwa magetsi amphamvuwo.